Mzere Umene Unadutsa Pakhomo Pathu

1

Bambo anga anadana ndi mng'ono wawo wa bere limodzi, ndipo chimene chinawadanitsa si mkazi, si munda, si chuma cha masiye ayi. Unali mzere wa pensulo pa mapu a mzinda wathu. Munthu amene anaujambula ndikumudziwa, ndipo ndikuuzani. Koma mundilole ndiyambire poyambira, chifukwa ndikamutchula pano mumuweruza musanamve zonse.

Bambo anali khansala wa wodi 9 kwa zaka khumi ndi zisanu. Anthu ankawatcha a Ngalande, chifukwa msonkhano uliwonse umene alankhulapo, kaya wa chitukuko kaya wa makolo kusukulu, nkhani yawo inkathera pa ngalande. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma iwo analikonda mpaka kumadzitchula okha. Pakhomo pathu panali ngati pa ofesi. Kukamacha pa benchi ya pakhonde pamakhala patadzaza kale: amayi amene mpope wawo wauma, mavenda olandidwa katundu, agogo amene mpanda wa oyandikana nawo walowa m'malo mwawo. Amayi ankadandaula kuti tiyi wa m'nyumba mwathu amamwa ndi wodi yonse, koma ketulo ankaiteleka okha asanauzidwe.

Kumbuyo kwa Bambo nthawi zonse kunkaima bambo aang'ono, telala wa mu msika waukulu. Makolo awo anamwalira iwo ali ana, ndiye Bambo ndi amene analera mng'ono wawoyo, n'kumugulira makina ake oyamba osokera. Bambo aang'ono ankasoka masuti onse a achimwene awo, kunyamula chimkuzamawu pa kampeni, ndi kuwakoka malaya akayamba kutalikitsa nkhani.

"Achimwene, mimbayi ikukula kuposa wodi," ankatero akamawayeza ndi tepi.

"Soka iwe, ndale uzisiyire eni ake," Bambo ankayankha, onse n'kufa nazo kuseka.

Ine ndine mwana wawo mmodzi yekhayo. Ndinkagwira ntchito yojambula mapu mu ofesi ya mapulani ku khonsolo komweko, ndipo Bambo ankanyadira zimenezi mochititsa manyazi. Ankandiitana kuti "mayi wanga", ngakhale pamaso pa a Meya.

2

Mzinda wathu unali utakula mosalongosoka. Mawodi a m'mphepete anatupa ndi nyumba zatsopano, a pakati anangotsala mashopu ndi maofesi. Wodi ina inali ndi ovota zikwi makumi awiri, ina zikwi zisanu zokha. Choncho kunakhazikitsidwa komiti yoti idulenso malire chisankho chisanafike, ndipo ntchito yojambula inagwera ofesi yathu.

Tsiku loyamba lomwelo bwana wanga anandiitana.

"Chemwali, pepala la wodi 9 musalikhudze. Bambo anu ndi khansala kumeneko. Sindikufuna mawa anthu adzati ofesi ino inakondera."

"Ndamva, bwana."

Pepalalo analipereka kwa mnzanga wa desiki yoyandikana, ine anandipatsa mawodi a kumpoto.

Mkangano waukulu unabuka pa msika. Msikawo unali pakati pa wodi 9 ndi wodi 12, ndipo aliyense ankaufuna, pakuti khansala amene ali ndi msika ndi amene amamveka m'khonsolo. Khansala wa wodi 12 anali mayi wina wa pakamwa pakuthwa, mwini malo omwetsera mafuta, amene anthu ankamutcha a Dizilo. Iye ndi Bambo anali a chipani chimodzi, koma mukanawaona mu holo ya khonsolo simukanakhulupirira.

"Ngalande za mu msika umenewu ndinakumbitsa ndine!" Bambo anakuwa, akumenya tebulo.

"Ndiye tengani ngalandezo, msikawo mutisiyire!" a Dizilo anabweza, holo yonse n'kuti gwedegwede ndi phwete.

Misonkhano inachitika isanu ndi umodzi. Pa wachinayi mipando inauluka, wapolisi wina n'kutayapo chipewa. Bambo aang'ono anali mu komitimo ngati woimira amalonda a mu msika, ndipo anamenyera achimwene awo nkhondo mpaka mawu kusasa. Pomaliza msika unatsala mu wodi 9.

Tsiku losainira, mapu aakulu anayalidwa pa matebulo atatu olumikiza. Bambo anaika chala pa msika, anaona kuti wapakidwa mtundu wa wodi yawo, n'kusaina mwamatama. Kunja anyamata a chipani anawanyamula m'mapewa. Mapuwo anakhomedwa pa bolodi kwa masiku makumi awiri ndi limodzi kuti wodandaula adandaule, koma aliyense amene ankafika pa bolodipo ankangoyang'ana msika, n'kumapita.

3

Tsiku lokapereka mafomu oimira pa chisankho, Bambo anavala suti yatsopano yotuwa imene bambo aang'ono anasoka. Amayi a chipani ankaimba kutsogolo, ng'oma ndi mapito zili pakatikati. Ine ndinapempha kuchoka ku ntchito kuti ndiwaperekeze.

Kalaliki wolandira mafomu anawerenga, anatsegula mapu, anayendetsa rula, kenako anawerenganso. Nkhope yake inasintha.

"A Khansala, pepani. Nambala ya nyumba yanu mwalembayi ndi yolondola?"

"Ndingaiwale nyumba yanga ine?"

"Nyumba imeneyi ili mu wodi 12."

Bambo anaseka. "Iwe mwana, nyumba imeneyo ndinamanga usanabadwe. Ili mu wodi 9."

"Nyumbayo sinasunthe, bambo. Asuntha ndi malire."

Kalalikiyo anatembenuza mapu kuti tione. Malire akale ankatsata ngalande yaikulu ya kuseri kwa nyumba zathu. Malire atsopano ankatsata msewu wa tala umene umadutsa kumaso. Pakati pa ngalande ndi msewu panali kamzere ka nyumba khumi ndi zitatu, ndipo yathu inali yachisanu.

Lamulo linali losapita m'mbali: khansala aziima mu wodi imene wakhalamo kwa chaka chathunthu. Nthawi yodandaula inali itatha masabata awiri m'mbuyomo. Ku wodi 12 chipani chinali chitapereka kale mpando kwa a Dizilo. Bambo anasowa mtengo wogwira. Anayang'ana siginecha yawo pansi pa mapuwo nthawi yaitali, kunja amayi aja akuimbabe osadziwa kanthu.

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi wanga, iwe umagwira momwemo. Wachita zimenezi ndani?"

"Pepala la wodi 9 anandiletsa kulikhudza, Bambo."

Anagwedeza mutu, n'kundisisita paphewa ngati wofunika kutonthozedwa ndine. Tinatulukira khomo la kuseri.

4

Mafomu ankatseka Lachisanu. Lachitatu masana bambo aang'ono anafika kwathu, chipewa chili m'manja, tepi yoyezera ili m'khosi monga mwa nthawi zonse. Bambo anali pakhonde, atavalabe jekete ya suti yotuwa ija. Ine ndinali kubwera ndi thireyi ya makapu.

"Achimwene, akuluakulu a chipani anabwera ku shopu. Akuti ndiime ine, mpando usapite kwa adani. Ndawauza kuti ndiyambe ndamva kwa inu. Ndingokusungirani. Zaka zisanu si zambiri, tikonza za malirezi."

Bambo anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Mu komiti ya malire munali ndani wa banja lino?"

"Ndinali ine, koma tonse tinkalimbana ndi za msika. Kona ya kuno sindinaiyang'ane n'komwe."

"Nyumba yako yagwera kuti?"

"Mu wodi 9, achimwene, koma pajatu ili pafupi ndi msika kuyambira kale."

"Ehe. Yanga yatuluka, yako yatsala, mpando wabwera kwa iwe. Zonsezi mwangozi." Bambo anaseka kuseka kowawa kumene sindinakumvepo. "Ndimafunafuna mdani kutali, osadziwa kuti khoswe wakhala pamkhate."

"Achimwene, ine? Ine amene munandilera?"

"Iwe amene ndinakulera."

Amayi anatuluka m'nyumba akupukuta manja. "Bambo ake mwana, tayambani mwafufuza. Mawu akatuluka sabwerera."

Bambo sanawamve. Anavula jekete ija n'kuiponya pamapazi pa mng'ono wawo.

"Tenga. Ukaichepetse ikukwane. Pita ukaime, wakuba iwe, ndipo phazi lako lisadzapondenso pano."

Bambo aang'ono anatola jeketeyo, anaikuntha fumbi, anaipinda bwinobwino monga amachitira atelala, n'kuiika pa benchi. Pochoka anandiyang'ana, misozi ili lengelenge.

"Mwana wanga, uwauze bambo ako. Iwe ukudziwa mmene ntchito imeneyi imayendera."

Ndinatsitsa maso pa thireyi. Sindinatsegule pakamwa.

Amalonda a mu msika anachonderera bambo aang'ono masiku awiri, poopa kuti mpando ukapita kwina msika utsala wamasiye. Bambo aang'ono anakapereka mafomu Lachisanu, kutatsala mphindi makumi awiri kuti atseke.

5

Anapambana, ndipo anapambana ndi mavoti ambiri kuposa amene Bambo anapezapo. Zimenezi zinathira mchere pa chilonda.

Pa benchi ya pakhonde panayamba kutuwa fumbi. Bambo ankadzukabe m'mamawa, kumeta ndevu, kuvala taye, n'kukhala pakhonde ndi kope lawo lolembamo madandaulo. Anthu amene kale ankakhotera kwathu tsopano ankadutsa tsidya lina la msewu, nkhope atayang'ana kumbali, akupita ku shopu ya telala. Amayi ankatelekabe ketulo yaikulu ija, madzi n'kuzizira osamwedwa.

Ofesi yathu inafufuza nkhaniyi sabata imodzi yokha. Lipoti linati panalibe cholakwika: ngalande ndi msewu zonse ndi malire ovomerezeka, ndipo chiwerengero cha ovota chinali bwino. Mnzanga wa desiki yoyandikana analumbira kuti iye anatsata ngalande, koma pepala lake loyeserera linali litatayidwa kale, ndipo palibe anamukhulupirira.

Chaka chotsatira mapaipi atsopano a madzi, amene Bambo anawamenyera nkhondo zaka zisanu ndi chimodzi, anafika mu wodi 9. Anakumba mpaka pa msewu wa tala, n'kuima pomwepo. Nyumba khumi ndi zitatu zija tsopano zinali kumchira kwa wodi 12, ndipo a Dizilo analibe nazo ntchito. Mayi wa nyumba yachitatu, amene miyendo yake inali yotupa, ankawoloka msewu ndi ndowa kukapempha madzi kwa anthu amene dzulo lake anali anzake a wodi imodzi.

"Inu a kukhonsolo," anandifunsa tsiku lina, ndowa ili pamutu, "ifeyo tinalakwa chiyani?"

Ndinamulandira ndowayo n'kumusenzera mpaka kwawo.

Bambo aang'ono sanatope kuyesa. Anatumiza abusa, Bambo anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kuwaperekeza. Anatumiza malaya atsopano pa tsiku lobadwa la Bambo, anabwezedwa osatsegulidwa. Mwana wamkazi wa bambo aang'ono atakwatiwa, mpando wa bambo aakulu unakhala wopanda munthu kutsogolo kwa holo, ndipo mkwatibwi, amene ine ndinakula naye ngati mng'ono wanga, analira mpaka zopaka kumaso kusungunuka.

"Chibale ndi fupa, sichiwola," Amayi anatero titabwerako.

"Fupa limathyoka," Bambo anayankha.

Mwina mukudabwa kuti ine ndinali kuti nthawi yonseyi. Ndinali pomwepo, ndikuchapa, ndikuphika, ndikupita ku ntchito, ndikuwonda.

6

Mzere uja ndinajambula ndine.

Zimene ndinauza Bambo mu ofesi ya kalaliki zinali zoona, pepala la wodi 9 anandiletsadi kulikhudza. Koma mapu a mzinda sajambulidwa pa pepala limodzi. Amajambulidwa m'zidutswa, ndipo pomaliza munthu mmodzi amapatsidwa ntchito yozilumikiza, kuonetsetsa kuti mzere wochokera pa pepala ili ukukumana ndi mnzake wa pa pepala linalo. Ndi ntchito yotopetsa imene aliyense amaizemba, ndipo bwana anaipereka kwa ine osaganiza kawiri. Msewu wa kwathu unali ndendende pamene mapepala awiri amakumana.

Chifukwa chake ndi ichi. Miyezi isanu ndi itatu nkhani ya malire isanayambe, ndinakwera m'mipando ya alendo ya m'khonsolo kukamvera Bambo akulankhula. Anawerenga tsamba loyamba bwinobwino. Atamaliza, anayambiranso tsamba lomwelo, mawu omwewo, nthabwala yomweyo pamalo omwewo. Makhansala anayamba kutsinana. Atayamba kachitatu, wina anakuwa kuti, "Ngalande yatsekeka!" ndipo holo yonse inaseka. Bambo anaseka nawo, osadziwa kuti akusekedwa ndi iwo.

Zinthu zina zinatsatira. Makiyi anapezeka mu fuliji. Tsiku lina anaima pa mphambano ya kwathu komwe, n'kufunsa wogulitsa nyuzipepala njira ya kunyumba. Ndinawanyengerera kupita ku chipatala ponamizira kuthamanga kwa magazi. Dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndi matenda oiwalaiwala, kuti sabwerera m'mbuyo, ndipo kuti zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazo zinthu zidzafika poipa.

Ndinayesa kulankhula nawo.

"Bambo, bwanji mupume chisankho chikubwerachi? Mwagwira ntchito yokwanira."

"Kupuma ndi kumanda, mayi wanga. Dokotala wakoyo sanavotepo mu wodi yanga."

Amayi sindinawauze zonse, poopa kuwaswa mtima. Bambo aang'ono sindinawauze chilichonse, poopa kuti nkhani ifika mu msika. Ndinasenza ndekha, ndipo kusenza ndekhako kunandipatsa mtima woti ndingathenso kugamula ndekha.

Lachiwiri lina masana, anzanga atapita kukadya, ndinatsala ndi mapepala awiri aja pa tebulo. Mnzanga anali atatsata ngalande, monga analumbirira. Ndinaona Bambo m'maganizo mwanga, zaka zitatu kutsogolo, ataima m'khonsolo osadziwa kuti ali kuti, anthu akuwajambula pa mafoni. Ndinatenga labala. Ndinafufuta kachidutswa kosatalika kuposa chala changa chaching'ono, n'kujambula kena m'mphepete mwa msewu. Mzere wa malire sungazungulire nyumba imodzi, aliyense angaone. Ndiye nyumba zina khumi ndi ziwiri zinapita nawo.

Ndinkati adzakwiya ndi komiti, adzatukwana mwezi umodzi, kenako adzapuma ndi ulemu wawo wonse. Za bambo aang'ono sindinaziganizire. Za madzi sindinaziganizire. Ndipo tsiku lija pakhonde, pamene mawu anga atatu akanazimitsa moto, ndinachita mantha. Ndinaopa kuti jekete ija iponyedwa pamapazi anga.

7

Ndinakhala nacho chinsinsichi zaka zitatu. Chimene chinandiswa ndi Amayi. Anadwala mwezi umodzi wokha, ndipo tsiku lomaliza kulankhula anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Awiriwa uwagwirizanitse. Ine ndalephera." Pa maliro Bambo analamula kuti mng'ono wawo asalowe pa geti. Bambo aang'ono anaima mu msewu tsiku lonse, dzuwa likuwawotcha, akulira mlamu wawo amene anawaphikira kuyambira ali pa sukulu.

Patatha sabata ziwiri, Loweruka masana, ndinapeza Bambo pakhonde mutu ukugwira bwino. Masiku otere anali atayamba kuchepa. Ndinagwada pansi pafupi ndi mpando wawo.

"Bambo, ndili ndi mlandu."

"Mlandu wanji, mayi wanga?"

"Malire aja sanasunthe bambo aang'ono. Ndinasuntha ndine."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira tsamba lowerengedwa katatu mpaka labala. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza, misozi inali ikutsikira m'makwinya a masaya awo.

"Ndiye anthu ankandiseka?"

"Eya, Bambo."

"Iwe n'kuona kuti ndi bwino undiphe wekha kusiyana n'kuti andiphe anthu."

Ndinalira ngati mwana. Ndinkadikira kuthamangitsidwa, koma dzanja lawo linafika pamutu panga.

"Walakwa, mayi wanga. Walakwa kwambiri. Koma ine ndalakwa koposa. Mwana wa mayi anga ndamutcha wakuba zaka zitatu." Anapukuta m'maso ndi taye. "Pita ukamuuze abwere mawa m'mawa. Ndimete ndevu, ndivale bwino. Ndikufuna ndimupepese ndili munthu."

Ndinathamangira ku msika. Bambo aang'ono anali pa makina, pakuti ukhansala sunawasiyitse kusoka. Ndinawauza zonse nditaima pakhomo la shopu. Phazi lawo linaima pa chopondera.

"Iweyo?"

"Ine, bambo."

"Tsiku lija unali pomwepo ndi makapu m'manja. Ndinakupempha kuti ulankhule."

"Ndikukumbukira. Pepani."

"Pepani sapoletsa chilonda, mwana wanga." Anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi manja. Atatsitsa manjawo anangofunsa chinthu chimodzi: "Ati nthawi yanji?"

M'mawa mwake anafika isanakwane eyiti koloko, atanyamula malaya aja amene anabwezedwa. Bambo anali pakhonde, atameta, atavala taye. Mtima wanga unali m'mwamba ndi chimwemwe. Bambo aang'ono anatsegula geti.

"Achimwene."

Bambo anadzutsa mutu. Nkhope yawo inauma gwa.

"Wakuba uyu akufuna chiyani pano?"

"Bambo," ndinatero, "mwawaitana ndinu. Dzulo ndinakuuzani, malire aja ndinasuntha ndine."

"Iwe unaletsedwa kukhudza pepala limenelo. Usamuikire kumbuyo." Anatola ndodo yawo. "Choka! Choka pakhomo panga!"

Zonse za dzulo zinali zitafufutika. Chidani chija chokha ndi chimene chinatsala, chifukwa chinalowa mutu ukadali wogwira.

8

Ndinaulula kasanu ndi kawiri. Ulendo uliwonse Bambo ankamva ngati koyamba. Ankalira, ankafunsa ngati anthu ankawasekadi, ankandikhululukira, ankatuma kuti ndikaitane mng'ono wawo. Ulendo wina ndinaitana bambo aang'ono nthawi yomweyo pa foni, koma pamene ankatsika minibasi, Bambo anali atayamba kale kufunsa kuti Amayi apita kuti. Ndinayesa kulemba pa pepala kuti asaine, m'mawa mwake anati siginechayo ndi yabodza.

Anandiletsa ndi bambo aang'ono.

"Basi, mwana wanga, zakwana. Ulendo uliwonse ukuwaswa mtima mwatsopano kuti wako upepuke. Ali ndi mwana mmodzi wowasambitsa ndi kuwadyetsa. Asiye azidana ndi ine."

Ntchito ndinasiya, nditalemba kalata yofotokoza zonse kwa bwana ndi kupepesa mnzanga uja. Bambo aang'ono sanaimenso pa chisankho chotsatira. Nyumba khumi ndi zitatu zija zikudikirabe madzi, pakuti malire sadulidwa chaka chilichonse.

Chaka chathachi matenda anafika pamene dokotala ananena. Bambo anasiya kuzindikira nkhope za anthu. Ndi pamene bambo aang'ono anayamba kulowa pa geti popanda wowathamangitsa. Amabwera Lamlungu lililonse masana, amakhala pa benchi, n'kumawasenda malalanje. Bambo amawakonda kwambiri mlendo ameneyu. Amawasungira mpando, ndipo akachedwa amafunsa kuti bambo aulemu aja abwera liti.

Lamlungu lapitali ndinali kuseri kwa chitseko ndikusita zovala, ndipo ndinamva Bambo akuti:

"Inu ndinu munthu wabwino. Muli ndi m'bale wanu?"

"Ndili naye mmodzi, mkulu wanga."

"Musamale naye. Ine ndinali ndi mng'ono wanga. Ndinamulera ndekha, ndinkamubereka kumsana popita naye ku chipatala. Anandibera wodi."

Ndinamva mpeni ukuikidwa pa mbale.

"Mwina tsiku lina mudzamukhululukira," bambo aang'ono anatero.

"Ndikanamukhululukira," Bambo anayankha. "Koma sabwera. Zaka zonsezi sanabwerepo n'kamodzi komwe kudzandiona."

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni, pakuti chisoni chanu chili ndi eni ake pa benchi ija. Ndinkawakonda bambo anga, ndipo chikondi chomwecho n'chimene ndinadzinamiza nacho kuti ndili ndi ufulu wowagamulira moyo mwakabisira. Ngati m'nyumba mwanu muli matenda amene mukuwabisa, itanani abale mukhale pansi, mulole akutsutseni. Ndipo ngati pali munthu amene akusenza mlandu wanu, musati ndidzanena zinthu zikazizira. Ine ndinadikira kuti mantha anga athe, osadziwa kuti amene ndikufuna kuwauzawo akutha tsiku ndi tsiku. Choonadi ndili nacho, ndachilemba pano kuti mzinda wonse uwerenge, koma munthu mmodzi amene chikanamuchiritsa alibenso pochisunga.